Kodi wolemba wilu amadana ndi ndani? Za mawu akuti animus

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina ku Dedza. Mwezi wathawu ndinawerenga nkhani ya khoti la ku America pomwe ankati lamulo lina linapangidwa ndi racial animus. Nditayang'ana mudikishonale ndinapeza kuti animus ndi chidani. Koma mwana wanga amene akuphunzira zamalamulo atabwera kutchuthi, ndinaona m'kope mwake kuti munthu polemba wilu ayenera kukhala ndi animus testandi. Kodi wolemba wilu amadana ndi ndani? Kapena ndi mawu awiri osiyana ongofanana kalembedwe?

Yankho: Aphunzitsi, mawuwa ndi amodzi, ndipo dikishonale yanu sinaname. Yangokupatsani tanthauzo lomwe linabadwa komalizira, n'kusiya kholo lake kunja. Ine ndinaphunzitsa Chilatini zaka zambiri, ndipo ophunzira akafika pa animus ndinkawaletsa kuthamangira ku Chingerezi. Ndinkawauza kuti ayambe aika mawu athu akuti “mtima” pamalopo, aone ngati chiganizo sichiima. Kawirikawiri chinkaima bwinobwino.

Taganizirani ntchito zomwe mtima umagwira m'Chichewa. Munthu amalimba mtima, amapsa mtima, amataya mtima, amakhazika mtima pansi. Wina ndi wokoma mtima, wina ndi wouma mtima, wina ali ndi mtima wapachala. Timati “mumtimamu ndinkati ndipite mawa,” kutanthauza zomwe tinkalinga. Timatinso “anabwera ndi mtima wofuna kuba.” Mtima pawokha si wabwino kapena woipa; mawu oyandikana nawo ndiwo amatiuza mtundu wake. Kwa Aroma animus inali chimodzimodzi: mbali ya munthu yomwe imaganiza, imamva, imafuna ndi kulimbikira. Ndiye animus testandi ndi mtima wofuna kulemba wilu, basi. Mulibe chidani ngakhale pang'ono.

Mawuwa ali ndi mlongo wake, anima. Onse awiri anachokera ku tsinde lakalekale lotanthauza kupuma kapena kuwomba, tsinde lomwelo limene linapatsa Agiriki mawu akuti anemos, mphepo. Anima inatsalira pafupi ndi mpweya: ndi moyo umene uli m'thupi, umene umachoka munthu akatsirizika. N'chifukwa chake chamoyo chilichonse chopuma chinatchedwa animal. Akhristu a mpingo wa Katolika amaidziwa anima kuchokera m'nyimbo ya Maria ya pa Luka 1:46, yomwe m'Chilatini imayamba ndi Magnificat anima mea. Animus yokha inakwera kupita ku maganizo ndi chifuniro. Mlakatuli Lucretius, amene anamwalira cha m'ma 55 Yesu asanabadwe, anayesa kusiyanitsa ziwirizi m'buku lachitatu la ndakatulo yake yaitali yonena za chilengedwe. Iye anati anima yamwazikana m'thupi lonse, pomwe animus imakhala pakatikati pa chifuwa, poti mantha ndi chimwemwe zimamvekera pomwepo, ndipo ndi iyo imalamulira inzakeyo. Ndikafika apa m'kalasi ana ankagwira pachifuwa okha, osauzidwa. Palibe chachilendo chomwe Mroma uja ankanena kwa mwana amene anakula akumva agogo ake akuti “mtima wanga ukukana.”

Ndipo zimakomanadi mpaka m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. Mroma pofuna kulimbikitsa mnzake ankati bono animo es, limba mtima. Akati aequo animo, ndiye kuti ndi mtima wokhazikika. Ex animo ndi kuchokera pansi pa mtima. In animo habeo ndi kunena kuti ndili nazo mumtima, ndikulinga kutero. Mlakatuli wachiroma Horace analemba mzere umene ndimakumbukira ndikamaperekeza achibale okwera basi ya ku Johannesburg: caelum, non animum, mutant qui trans mare currunt, kutanthauza kuti othamangira kutsidya kwa nyanja amasintha thambo lomwe lili pamutu pawo, koma mtima ndi womwewo.

Chingerezi chomwe mumaphunzitsa chadzaza ndi zidzukulu za mawuwa, ndipo zambiri sizidziwa chidani. Unanimous ndi unus ndi animus, mtima umodzi. Baibulo la Chilatini pa Machitidwe 1:14 limati ophunzira ankapemphera unanimiter, ndipo ife timangoti ndi mtima umodzi. Magnanimous ndi wa mtima waukulu, amene sasunga mangawa ngakhale ali ndi mphamvu zobwezera. Pusillanimous ndi wa kamtima kakang'ono, wamantha. Equanimity ndi kuja kukhazika mtima pansi. Mukawapatsa ana a Fomu 4 mawu anayi amenewa pamodzi, n'kuwaonetsa mtima umene wabisala mkati mwa lililonse, sadzaloweza movutika. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia ali ndi mwayi woposa, chifukwa Chipwitikizi chinasunga tanthauzo lakale: ânimo ndi kulimba mtima, ndipo munthu amene wafooka, wataya mtima, amati ali desanimado.

Nanga chidani chinalowa bwanji? Khomo linali lotsekuka kale pang'ono m'Chilatini mwenimweni. Mtima wolimba ndi mtima wamoto zimayandikana. Msilikali wodzadza ndi animus ndi wolimba mtima pankhondo, koma munthu yemweyo akakhala pakhomo ndi wosachedwa kupsa. Horace yemwe uja anati mkwiyo ndi misala ya kanthawi kochepa, ndipo anawonjezera kuti animum rege, lamulira mtima wako, chifukwa ukapanda kumvera ndiwo ukulamulira. Komabe Mroma akafuna kunena chidani chenicheni anali ndi mawu ena: odium, chidani, ira, mkwiyo, inimicitia, udani. Mlakatuli Virgil kumayambiriro kwa ndakatulo yake yotchedwa Aeneid akufunsa ngati mikwiyo yayikulu chotere ingakhale m'mitima ya milungu, ndipo akugwiritsa ntchito mawu onse awiri, animis ndi irae. Mtima ndi chotengera, mkwiyo ndi zomwe zathiridwamo.

M'Chingerezi zinayamba kupendekera ndi animosity. Mawuwa atalowa m'zaka za m'ma 1400 ankatanthauza kulimba mtima, monga animositas ya Chilatini. Pofika zaka za m'ma 1600 anali atayamba kutanthauza udani, ndipo tanthauzo lakale linazimirira. Animus yokha, ngati mawu a Chingerezi cha anthu wamba, inabwera mochedwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo inapeza mbale wakeyo atadetsa kale mbiri ya banja. Olemba ankati nkhani yakutiyakuti yalembedwa ndi animus, kutanthauza mtima umene ukuiyendetsa pansipansi. Ndiye mukudziwa, anthu safunsa za mtima wa mlembi pamene wayamikira. Amafunsa pamene wabaya. Pang'ono ndi pang'ono “mtima umene uli kuseri” unasanduka “mtima woipa umene uli kuseri.”

Musadabwe nazo, chifukwa ifenso tinachita zomwezo ndi mawu akuti “chifukwa.” Chifukwa ndi mawu osalakwa: chifukwa cha mvula, chifukwa cha njala. Koma wina akati “mayi aja ali nane chifukwa,” kapena “osasunga zifukwa,” tonse timamva kuti akunena za chakukhosi. Palibe amene anawonjezera mawu akuti “choipa”, anthu anangozolowera. Chimodzimodzi “ali ndi pakamwa.” Aliyense ali ndi pakamwa, koma tikanena choncho sitikuyamikira.

Azamalamulo ndiwo sanalole kusinthaku, ndipo apa ndi pomwe mwana wanu waima. Iwo anatenga animus mwachindunji kuchokera m'malamulo a Aroma, makamaka m'mabuku omwe mfumu Justinian inalamula kuti asonkhanitsidwe ku Constantinople, omwe anatuluka mu 533. M'chiyankhulo chawo animus imatsatiridwa ndi mawu othera ndi -ndi, ndipo kachidutswa kameneka kamatanthauza “kofuna kuchita.” Furandi, kofuna kuba. Donandi, kofuna kupereka mphatso. Manendi, kofuna kukhalitsa. Possidendi, kofuna kugwira chinthu ngati chako. Mukaona animus ili ndi mnzake wotere pambuyo, iwalani chidani.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi cha nkhunda. Kwathu kumudzi malume anali ndi khola la nkhunda pamwamba pa mitengo inayi, kuseri kwa nkhokwe. M'mawa zinkauluka zonse kupita kudambo ndi m'minda ya anthu, madzulo n'kumabwera chimodzichimodzi, kutera padenga kaye, kenako kulowa m'timabowo tawo. Masana onse zinali kutali ndi maso a mwini wake. Kodi zinali zake pa nthawi imeneyo? Aroma anafunsa funso lomweli. Buku la ophunzira malamulo la Justinian limati nkhunda ndi mapikoko ndi zam'tchire mwachibadwa, monganso njuchi ndi agwape ozolowera omwe amapita kuthengo n'kubwerako. Zoterezi ndi zako malinga ngati zili ndi animus revertendi, mtima wobwerera. Zikasiya chizolowezi chobwerera, zataya mtimawo, ndipo amene wazigwira ndi zake. Koma nkhuku ndi atsekwe, bukulo likutero, si zam'tchire; ngakhale zitabalalika osaoneka, zikadali zako, ndipo wozitenga ndi cholinga chopindula nazo ndi wakuba. Taonani apa: lamulo likupatsa nkhunda animus. Nkhunda sidana ndi munthu. Imangokhala ndi kumene mtima wake waloza.

Mtima wobwererawu umagwiranso ntchito pa anthu. M'malamulo a Chingerezi, omwe makhoti athu ku Malawi ndi ku Zambia anatengera, munthu amakhala ndi dziko limodzi lomwe lamulo limati ndiye kwawo kokhazikika, ndipo dzikolo lingakhudze nkhani za ukwati ndi za chuma cha masiye. Kuti munthu asinthe kwawoko pamafunika zinthu ziwiri: kukhaladi kumalo atsopanowo, ndi animus manendi, mtima woti ndakhazikika kuno mpaka kalekale. Munthu angathe zaka 30 ku Bulawayo kapena ku Leeds, koma ngati akumangabe nyumba kumudzi, akutumiza ndalama za feteleza, akunena kuti “ndikapuma ntchito ndikupita kwathu, mukandiike pafupi ndi mayi,” khoti lingathe kupeza kuti kwawo sikunasinthe. Makolo athu omwe anapita ku Wenela ndi ku Salisbury (Harare ya lero) ankasiyanitsa bwino zimenezi popanda Chilatini. Wopita n'kubwerako anali wapaulendo chabe. Amene mtima wobwerera unamuthera ankamutcha mtchona.

Pa nkhani ya malo, mawu ndi animus possidendi. Katswiri wa ku Germany, Friedrich Carl von Savigny, m'buku lake la mu 1803, anaphunzitsa kuti kugwira chinthu pamaso pa lamulo kuli ndi mbali ziwiri, corpus ndi animus, thupi ndi mtima: dzanja likhale pa chinthucho, ndipo mtima unene kuti ndachigwira ine. Mlandu wotchuka wa masiku ano ndi wa kampani ya Pye ndi banja la a Graham ku Berkshire, ku England. A Graham anali ndi pangano lodyetsa ziweto pa mahekitala 25 a kampaniyo. Panganolo litatha kumapeto kwa 1983, kampani inakana kulikonzanso, koma a Graham anapitiriza kugwiritsa ntchito malowo chaka ndi chaka, kiyi wa geti ali nawo iwo, kampani osachitapo kanthu. Zitadutsa zaka 12 zomwe lamulo linkanena, iwo anati malowo ndi awo, ndipo mu 2002 khoti lalikulu la House of Lords linagwirizana nawo. Chomwe chimandikhudza pa mlanduwu n'choti a Graham sanabise kuti akanalipira lendi akanauzidwa kutero. Analibe chifukwa ndi kampaniyo. Oweruza anati zimenezo sizichotsa animus possidendi, poti chofunika si mtima wolanda kapena wodana ndi mwini, koma mtima wogwira malowo wekha n'kutsekera ena onse kunja.

Tsopano ndikuuzeni chomwe chinandichititsa kuti ndisamaone nkhaniyi ngati masewera a m'kalasi. Tsiku lina ndinakhala kumbuyo m'khoti lina la majisitireti, ndikudikira mlandu wa mnansi wanga. Patsogolo panali bambo wina wa zaka za m'ma 40, malaya ake oyera atatha m'khosi, akuimbidwa mlandu woba njinga ya mlamu wake pachigayo. Iye ankati njingayo anaitenga kuti athamangire nayo kuchipatala, mwana atadwala mwadzidzidzi, ndipo ankati abweza madzulo. Woimira boma, pofuna kuonetsa kuphunzira, anati bamboyu anali ndi animus furandi. Womasulira anamva animus, n'kukumbukira dikishonale ngati yanuyo, ndipo anatembenukira kwa woimbidwa mlandu n'kunena kuti, “Akuti munali ndi chidani ndi mwini njinga.” Bambo uja anatambasula manja onse awiri. “Ine chidani ndi alamu anga? Tadyera mbale imodzi dzulo lomweli. Ana awo amagona kwanga.” Anayankhula nthawi yaitali, misozi ili m'maso, kutsimikiza chikondi chomwe palibe amene ankachikayikira, pomwe funso loti limupulumutse linali lina: kodi munkafuna kuti njingayo isabwererenso kwa mwini wake? Mwamwayi woweruza anaona kuti zasokonekera, anafunsanso m'mawu osavuta, ndipo nkhani ya mwana wodwala ija inamveka. Koma ndinatuluka m'khotimo mtima uli phaphapha, poganiza kuti ndi angati amene amayankha funso lomwe sanafunsidwe.

Pakuti lamulo la kuba silifunsa ngati umamukonda mwini katundu. Limafunsa ngati unatenga mwachinyengo, wopanda chikhulupiriro choti uli ndi ufulu pa chinthucho, ndipo kawirikawiri ngati unkafuna kumulanda mpaka kalekale. Munthu angabe kwa mayi ake omubereka akuwakonda. Wina angadane ndi mnansi wake koopsa, n'kutenga khasu lake molakwitsa poyesa ndi lake, ndipo si wakuba. Azamalamulo amasiyanitsa cholinga, chomwe munthu akufuna kuti chichitike, ndi chomutuma, chomwe chamukankha kuti afune zimenezo. Animus ya m'mabuku a mwana wanu ndi cholinga. Chidani, njala, nsanje, chifundo, zonsezo ndi zomutuma, ndipo nthawi zambiri zimadzamveka pokambirana kukula kwa chilango.

Pali animus imodzi ya m'malamulo yomwe imayandikira ku chidani, ndipo ikukhudza abale athu okhala ku South Africa ndi ku Zimbabwe, komwe malamulo ake anachokera kwa Aroma kudzera kwa Adatchi. Kumeneko mlandu wonyoza kapena woipitsa mbiri ya munthu umayendera animus iniuriandi, mtima wofuna kuvulaza ulemu wa wina. Komabe ngakhale apa, khoti silifufuza ngati unkamuda munthuyo kuyambira kale. Limafuna kudziwa ngati unalinga kumunyoza, ukudziwa kuti n'kulakwa.

Mwina mufunsa kuti, nanga woweruza amauona bwanji mtima? Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Oweruza a ku England analimbana nalo funsoli kwa zaka mazana. M'zaka za m'ma 1400 jaji wamkulu Brian ananena kuti maganizo a munthu sangazengedwe mlandu, poti ngakhale Satana sadziwa zomwe munthu akuganiza. Mu 1885 jaji Bowen anayankha mbali inayo, kuti mmene mtima wa munthu ulili ndi chinthu chenicheni chofanana ndi mmene m'mimba mwake mukugayira chakudya: n'chovuta kuchitsimikiza, koma chilipo. Ine ndili kumbali ya Bowen, ndipo ndikuganiza kuti nyakwawa iliyonse yoweruza pansi pa mtengo ili komweko. Tsidya linalo timawolokerako pa zochita. Wotenga njinga n'kuimika pakhomo pa chipatala masana, aliyense akuona, wasonyeza mtima wina. Woipenta mtundu wina usiku n'kupita nayo kumsika wakutali wasonyeza winanso.

Tibwere ku nkhani yanu ya ku America. Kumeneko mitsinje iwiri ija, wa azamalamulo ndi wa anthu wamba, inathirana. Makhoti awo akati animus popanda mawu a -ndi pambuyo, amatanthauza mtima woipira gulu la anthu umene wayendetsa lamulo kapena chigamulo. Mu 1992 anthu a m'chigawo cha Colorado anavotera kusintha malamulo awo kuti pasakhale lamulo lililonse loteteza amuna kapena akazi okondana okhaokha ku tsankho. Mu 1996, pa mlandu wa Romer ndi Evans, khoti lalikulu la dzikolo linathetsa kusinthako ndi mavoti 6 kwa 3, ndipo jaji Anthony Kennedy analemba kuti kukula kwa lamulolo sikungafotokozedwe ndi china chilichonse koma animus kwa gulu lomwe likukhudzidwa. Jaji Antonin Scalia anatsutsa mwamphamvu, nati kusagwirizana ndi khalidwe pa zifukwa za chikhulupiriro si chidani. Mu 2018 mawuwa anamvekanso pa mlandu wa Trump ndi Hawaii, wokhudza chiletso cholowa m'dzikolo kwa anthu a m'maiko angapo, ambiri mwa iwo a Chisilamu. Oweruza asanu analola chiletsocho, anayi anakana, ndipo jaji Sonia Sotomayor analemba kuti munthu woona bwino anganene kuti chinayendetsedwa ndi animus yodana ndi Asilamu. Pa milandu ya ntchito amanenanso za anti-union animus, pamene bwana wachotsa munthu ponamizira kuchedwa, chikhalirecho chomwe chikumuwawa ndi bungwe la ogwira ntchito.

Ndiye racial animus yomwe munawerenga ndi mtima watsankho la mtundu umene uli kuseri kwa chochita. Onani kuti ngakhale apa tanthauzo lakale silinafe. Sakunena chidani chongokhala phee mumtima. Akunena chidani chomwe chagwira chiwongolero. Apa ndiye pali kusiyana kwa animus ndi animosity, komwe ophunzira anu angakufunseni. Animosity ndi udani woonekera, wa anthu osapatsana moni, ndipo nthawi zambiri umakhala wa mbali zonse ziwiri: pali animosity pakati pa mabanja awiri olimbirana malire a munda. Animus ingakhale ya mbali imodzi, yobisika, ya munthu amene amakusekerera pamsonkhano koma dzina lako likafika patebulo lake amalikankhira pansi. Imatsatiridwa ndi against kapena toward. M'Chichewa ndingati animosity ndi udani, pomwe animus ndi chakukhosi kapena kampeni kumphasa, malinga ndi nkhani yake. Ndipo ndi mawu olemera. Kunena kuti mtolankhani walemba ndi animus ndi kumuneneza kuti cholembera chake chikuyendetsedwa ndi mangawa, osati ndi zomwe wapeza. Ndimalangiza ophunzira kuti asawagwiritse ntchito pomwe akungofuna kunena kuti wina sakugwirizana nawo.

Tanthauzo lachitatu mudzakumana nalo m'mabuku a za maganizo a munthu. Carl Gustav Jung wa ku Switzerland, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1875 mpaka 1961, anatenga mawu awiri aja n'kuwapatsa ntchito yatsopano: anati mwa mwamuna aliyense muli mbali yachikazi yobisika, anima, ndipo mwa mkazi muli mbali yachimuna, animus. Anatsamira pa mfundo yoti m'galamala ya Chilatini animus ndi mawu achimuna ndipo anima ndi achikazi. Kwa Mroma zimenezi zikanakhala zachilendo, chifukwa mkazi ndi mwamuna onse anali ndi ziwiri zonsezo. Ine maganizo a Jung amenewa sandigwira mtima. Ndimaona kuti anamangidwa pa zomwe anthu a ku Ulaya a nthawi yake ankayesa kuti ndiwo ukazi ndi umuna. Koma mukawapeza, dziwani kuti palibe chidani kapena cholinga pamenepo, ndi dzina chabe la chiphunzitso chake.

Za wilu ija, mwana wanu akuuzeni zambiri, koma mutu wake ndi uwu. Lamulo lathu la ku Malawi la chuma cha masiye la mu 2011 limafuna kuti wilu ilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Komabe pepala lingakhale ndi zonsezo osakhala wilu, ngati wolembayo sankalinga kuti mawuwo adzagwire ntchito iye atamwalira: mwina ankangoonetsa mnzake kalembedwe kake, mwina ankachita nthabwala, mwina anamuumiriza. Animus testandi ndi mtima woti “awa ndi mawu anga otsiriza pa chuma changa, adzatsatidwe ndikadzapita.” Ili ndi mnzake, animus revocandi, mtima wofuna kufafaniza wilu. Mwana akang'amba wilu ya bambo ake posewera, kapena chiswe chikaidya m'sutikesi, wiluyo sinafafanizidwe, poti mwini wake sanafune.

Mbali inayo inaonekera ku England mu 1877, pa mlandu wa Cheese ndi Lovejoy. Mkulu wina anadula mizere ina ya wilu yake ndi cholembera, analemba kumbuyo kwake kuti zonsezi zafafanizidwa, n'kuitaya pa mulu wa mapepala akale pakona ya chipinda. Mtsikana wantchito anaitola, naisunga kukhitchini, ndipo inakhala kumeneko zaka zingapo mpaka mkuluyo anamwalira. Mtima wofafaniza unalipo, palibe anakayika. Koma lamulo lawo la mu 1837 limafuna kuti wilu itenthedwe, ing'ambidwe kapena iwonongedwe ndithu, kapena ifafanizidwe ndi chikalata china chosainidwa pamaso pa mboni. Pepala lija linali lathunthu, lowerengeka, ndipo mawu a kumbuyo aja analibe mboni. Khoti linagamula kuti wiluyo ikadali yamoyo, ndipo chuma chinagawidwa motsatira pepala lomwe mwini wake analitaya pakona.